Nambala Zitatu za Bambo Kamtedza

“Ababa, nyumba yanu uko ili pafupi ndi mtengo wanji?” Anafunsa choncho Lillian, mwana woyamba wa malemu, pa foni m'chaka cha 2019, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndayamba ndi funso limeneli chifukwa tibwererako.

Abale ndi alongo amene mwasonkhana muno ku Rawdat Al Khail, mumzinda wa Doha, ndi inu akumudzi amene mukumvera pa foni, ine ndine Edwin Chadza, msuweni wa malemu. Akubanja andituma kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo andipempha kuti ndisadumphe za tsiku lomaliza, chifukwa zikunenedwa mosiyanasiyana.

Malemu Bambo Macfussy Kamtedza anabadwa pa 9 Meyi 1981 m'boma la Dedza. Anali achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi a Bambo Wickson Kamtedza ndi Mayi Phyllis Nabanda, omwe onse anatsogola kale. Anayamba sukulu mu 1988 ndipo anakhoza Sitandade 8 mu 1996, koma zinthu pakhomo sizinalole kuti apitirize. Mu 2000 anapita ku Lilongwe, nalembedwa ntchito ya umesenjala pa kampani ina yogulitsa mbewu ku Kanengo. Masana ankapalasa njinga, akaweruka n'kupita ku sukulu yamadzulo. Tinkakhala benchi limodzi. Fomu 4 anailemba kawiri, ndipo anakhoza mu 2006.

Ntchito ya umesenjala ndi imene inawapatsa khalidwe lomwe ambiri muno munawadziwa nalo. Mukudziwa mmene timalozerana njira kwathu: mukadutsa chigayo mukhotere kumanzere, mukaona mtengo wa mango mufunse kwa amayi ogulitsa makala. Tsiku lina anazungulira ku Kauma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndi kalata yoitana munthu ku ntchito. Mtengo umene anauzidwa unali utadulidwa sabata yomweyo. Kalatayo inafika tsiku litadutsa, ndipo malo aja anali atapatsidwa wina. Nkhani imeneyi ankainena mpaka chaka chino, ndipo sankaseka poinena.

Pa 15 Ogasiti 2009 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Esnat Naphiri a ku Nathenje. Mulungu anawapatsa ana atatu: Lillian mu 2011, Aleke mu 2014, ndi Fortune mu 2018.

Mu Febuluwale 2019 anabwera kuno ku Doha pa kontirakiti ya udalaivala, pa kampani yoperekera katundu m'makomo. Anapeza malo ku Mansoura, m'nyumba yosanja, pa nsanjika yachisanu, ndipo sanasamukemo mpaka tsiku lawo lomaliza.

Kwa inu akumudzi, ndifotokoze pang'ono. Mayiko ambiri ali ndi positikodi, nambala imene imauza wonyamula kalata dera limene munthu amakhala. Kuno kulibe. Fomu ya pa intaneti ikaumirira, timangolemba maziro asanu kuti itilole kudutsa. Chimene chilipo ndi kachikwangwani kabuluu pakhoma la nyumba iliyonse, kokhala ndi nambala zitatu. Yoyamba ndi ya zoni, ndiye kuti dera. Yachiwiri ndi ya msewu. Yachitatu ndi ya nyumbayo. Ukazilemba zitatuzo pa mapu, kadontho kamagwera pakhomo penipeni. Makampani amazigwiritsanso ntchito poona dera lomwe likuitanitsa katundu wambiri, komanso komwe madalaivala akuchedwa. Mu 2022 mabwana awo atayang'ana pa mapu otero, anapeza kuti m'mazoni amene malemu ankayenda simunkabwerera katundu. Anawapatsa udindo wophunzitsa madalaivala atsopano.

Ndiye Lillian atafunsa za mtengo, bambo ake anamuyankha kuti, “Kuno kulibe mtengo, amayi. Tenga kope, ndikuuze nambala.” Mwanayo analemba kuchikuto chakumbuyo kwa kope lake la masamu.

Ife akuluakulu sitinalembe. Ndinene zoona pamaso pa maliro: tinkawaseka. Tinawapatsa dzina loti Bambo Zoni. Ukawauza kuti bwerani kwathu, ndi kuseri kwa mzikiti, ankafunsa kuti, “Mzikiti uti, achimwene? Mizikiti ya kuno munaiwerenga?” Bambo Lemmy a ku Chipata, omwe chipinda chawo chikuyang'anizana ndi cha malemu, ndiwo ankawayamba kwambiri. Ankati, “Imwe a Zoni, tsiku lachiweruzo mukafunsanso mngelo nambala ya msewu?” Malemu ankangopukusa mutu n'kunena kuti, “Yalla,” mawu a kuno otanthauza kuti tiyeni, “sekani.” Ineyo ndakwera masitepe a nyumba imeneyo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkangodziwa kuti Mansoura ndi zoni 25. Zinazo ayi.

Mu Juni chaka chino nyumbayo inapakidwa penti. Opaka anazula kachikwangwani kaja ndipo sanakabwezeretse. Malemu anakadandaula kawiri kwa woyang'anira nyumba. Kenako analemba nambalazo papepala n'kumata pansi pa masitepe. Guluu anasungunuka ndi kutentha, pepala linagwa, ndipo tonse tinkadutsa pomwepo osalitola.

Mu Julaye anayamba kudandaula pachifuwa. Ankati ndi chilungulira, ndipo ankamwa soda n'kupita ku ntchito. Tinawauza kuti apite kuchipatala, iwo ankati akamaliza kuphunzitsa gulu latsopano.

Lachiwiri pa 12 Ogasiti 2025 sanapite ku ntchito. Cha m'ma 11 koloko m'mawa anagogoda pa khomo la Bambo Yasini Matola a ku Machinga, mlonda amene amagwira usiku ndi kugona masana. Pa nsanjika yonseyo panalibe munthu wina. A Yasini atatsegula, malemu anagwera m'manja mwawo, osathanso kulankhula.

A Yasini anaimbira ambulansi nthawi yomweyo. Wolandira foni anawafunsa nambala zitatu. Iwo anayankha monga mmene aliyense wa ife muno akanayankhira: ku Mansoura, kuseri kwa mzikiti, moyang'anizana ndi shopu yogulitsa nkhuku zootcha, nyumba yoyera yapenti yatsopano. Ambulansi inanyamuka msanga, ndipo pa anthu a ambulansiwo tilibe chodandaula. Koma chizindikiro cha foni chinawafikitsa mumsewu wakumbuyo, pomwe pali nyumba zosanja zisanu ndi ziwiri zogundana, mashopu ankhuku awiri, ndipo nyumba zoyera si imodzi. Foni ya malemu inali yokiya, moti a Yasini sakanafufuzamo adiresi. Wolandira foni uja anawauza a Yasini kuti asamusiye wodwala, azikanikiza pachifuwa osalekeza.

Ena anena kuti bwanji sanatsike kukawerenga chikwangwani cha nyumba yoyandikana. Ndaganizapo masiku khumi. Lifiti inali yakufa. Ndi nsanjika zisanu kutsika, zisanu kukwera, munthu ali pansi osapuma. Nzeru zoterozo zimatibwerera mawa lake, titakhala pampando.

Chimene anachita a Yasini ndi ichi. Anakumbukira kuti malemu ankakonda kunyadira kuti mwana wawo ku Dedza amadziwa adiresi kuposa madoda a ku Doha. Ndi dzanja limodzi anatenga foni yawo yachiwiri n'kuimbira Mayi Esnat, amene nambala yawo inatsala momwemo tsiku lina malemu atabwereka foniyo. Anangoti, “Alamu, musafunse kanthu, ndipatseni Lillian.” Sukulu zinali pa tchuthi, ndipo mwana anali pakhomo. Anakhuthula katoni ya makope akale, napeza la Sitandade 3, n'kuwerenga nambala zitatuzo kawiri, momveka bwino. Pasanathe mphindi zinayi anthu a ambulansi anali pa masitepe.

Kuchokera pa foni yoyamba panali patadutsa mphindi makumi anayi. Malemu anamwalira atangofika kuchipatala, cha m'ma 12 koloko masana, ali ndi zaka 44. Dokotala anati ndi mtima. Ndinamufunsa ndekha ngati akanachira thandizo likanafika msanga. Sananene kuti akanachira, sananenenso kuti sakanachira. Ndikukupatsani monga ndinalandirira.

Kuyambira tsiku limenelo a Yasini sanabwerere ku ntchito, ndipo chakudya akungochiyang'ana. Anandiuza kuti lero sabwera, chifukwa ena akuti anapha mnzawo ndi umbuli. Ndinakawatenga ndekha, ndipo akhala kumbuyoko. Achimwene, dzutsani mutu, mawu awa ndi anu. Mayi Esnat andituma kuti ndinene pamaso pa anthu kuti: “A Yasini sanawasiye amuna anga afere okha pansi. Ndinkawamva pa foni akuwerenga pokanikiza, mpweya ukuwathera. Amene ali ndi mlandu nawo ayambe wanena nambala za pakhomo pake.” Ndayang'ana muno, ndipo ndikuona kuti ambiri tawerama. Inenso ndawerama.

Thupi linyamuka Lamlungu. Pa fomu ya ndege panali malo olembapo positikodi ya kumene akupita. Tamva kuti kwathu nambala zoterezi zinakhazikitsidwa, koma palibe mmodzi wa ife amene anaidziwa ya kumudzi. Dalaivala wokawatenga ku bwalo la ndege tamuuza kuti akadutsa mjigo wachiwiri akhotere kumanja, akaime pa mtengo waukulu wa mkuyu. Lillian, ababa ako akubwera kunyumba yokhala ndi mtengo.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Esnat, ana atatu, Lillian, Aleke ndi Fortune, achimwene awo awiri ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Flora. Akubanja akuthokoza madalaivala anzawo, gulu la Amalawi okhala kuno, abale athu a ku Zambia, anzathu achisilamu amene anatiphikira sabata yonse, ndi onse amene anayenda nafe m'maofesi kufuna mapepala. Mzimu wa Bambo Macfussy Kamtedza uuse mumtendere.

Ndisanakhale pansi, pali mawu amene a Lemmy andilola kuti ndinene. Dzulo masana anagula cholembera chosafufutika, nalemba nambala zitatu zija kuseri kwa chitseko chilichonse cha pa nsanjika yachisanu. Chitseko chomaliza chinali cha a Yasini. Atamaliza anawagwira dzanja n'kunena kuti, “Aneba, ine ndine ndinkaseka kwambiri. Kuyambira mawa, tikakumana pa masitepe, inu mukuchokera ku ntchito ine ndikupita, moni wathu akhale nambalazi. Ndikadzagwa ine, mudzatchule bwino.”

A Yasini anayankha kuti, “Ndidzatchula, aneba. Inunso mudzatchule.”