Anthu Atatu m'Chifuwa Chimodzi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Dzina langa ndine Esinati, wa ku Nkaya. Amene mumakwera sitima mwina munandigulapo nthochi pawindo.

Nkhani yanga ndi yosokoneza. Ine mwini wake sindinaimvetse yonse. Mundipirire.

Amuna anga atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi, mtsikana, dzina lake Ndaona. Tinkakhala bwino. Iye kusukulu, ine kusiteshoni. Pakhomo pathu pankamveka kuseka.

Kenako bambo anga ondibala anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinakawatenga kumudzi kuti ndiziwasamalira. Abale, bambo angawo ndi aukali kuyambira kalekale. Tili ana, akangotsokomola pabwalo, tonse zii. Matenda anawalanda mkono ndi mwendo, koma pakamwa anawasiyira.

Zinayambira pamenepo. Ndikalowa kuchipinda kwawo ndi phala, ndinkachita kunyang'ama. Mayi wamkulu ine, imvi zayamba kale. Akati, "Iwe chitsiru, phala lanji ili?" ine ndinkagwada n'kumalira ngati kamwana. Ndikatuluka n'kumupeza Ndaona akutsuka mbale, pakamwa panga pankatuluka mawu ena, aakulu, achimuna: "Iwe chitsiru, kutsuka kwanji kumeneko?" Mawu omwe aja. Ngakhale chala ndinkaloza ngati iwo.

Ukali ukatha, thupi lonse lefu. Ndinkakhala pakhonde, dengu la nthochi osatha kulisenza. Sitima inkabwera n'kupita, ine ndili pomwepo. Ndinkadzifunsa: walira uja ndani? Wakalipa uja ndani? Nanga ine, wodziwa kucheza ndi anthu, ndapita kuti?

Mnzanga wina wa pamsika, mayi wachisilamu, anati mwina ndi majini. Amayi a mumpingo uno anati ndi mzimu wa kumakolo, ndipo anandipempherera. Ndikuthokoza. Koma mutu wanga unaima. Mzimu wa munthu wamoyo ungandilowe bwanji, mwini wake ali m'chipinda akuitanitsa madzi?

Tsiku lina masana bambo anakankha mbale, phala lonse pamphasa. Ananditukwana m'Chilomwe chawo, mpaka kutchula amayi anga amene ali kumanda. Ndinatuluka panja. Ndaona anali atangofika kuchokera kusukulu, akumwetulira, akufuna kundiuza kuti wakhoza mayeso. Sindinamulole kumaliza. Ndinamuuza kuti sadzaphula kanthu pamoyo wake. Ndinanena m'Chilomwe, abale, chimene ine ndimangochimva, kulankhula kumandivuta. Mwanayo anandiyang'ana ngati mlendo. M'mawa mwake anamanga zovala, ulendo wa ku Nselema kwa mng'ono wanga.

Sipanapite nthawi, mng'ono wangayo anaimba foni. Anati, "Achemwali, mwanayu akuti za sukulu basi. Kuli bambo wina wa geni ya mpunga akufuna kumukwatira."

Ndinafuna kunyamuka, koma ndinangokhala pakhonde paja. Ndinafuna kupemphera, koma sindinadziwe kuti apemphere ndani mwa anthu amene anali mwa ine.

Thandizo linandipeza kuchipatala ku Balaka, kumene ndinkapita ndi bambo kukawongola ziwalo. Tsiku lina bambo anandikalipira pagulu, ine n'kugwada pasimenti, anthu akuona. Namwino wina anandidzutsa n'kunditengera kwa mlangizi, mayi wofatsa wa magalasi. Ndinamufotokozera zonse. Sanaseke. Sananene kuti ndi misala.

Anati, "Mayi, munthu aliyense ali ndi mbali zitatu mumtima. Pali kholo: ameneyo ndi mawu a amene anatilera, tinawasunga osadziwa. Pali mwana, amene amaopa, amalira, amasewera. Pali wamkulu, amene amaona zimene zilipo lero n'kuganiza chochita."

Ndinati, "Ndiye kuti ndili ndi ziwanda zitatu?"

Anati, "Iyayi, onsewo ndinu. Koma mphamvu ya mumtima ndi imodzi, ngati madzi a mumgolo umodzi. Mwana akatunga, kholo n'kutunganso, wamkulu amapeza mgolo wauma. N'chifukwa chake mumalefuka."

Kunena zoona, theka sindinamve. Ndinangogwira chimodzi chimene anandiuza potsiriza: "Musanayankhe munthu, pumani kaye. Dzifunseni kuti akufuna kulankhulayu ndani."

Ndinasiya bambo m'manja mwa amayi a mumpingo, ndinakwera minibasi ya ku Nselema. Ndinamupeza Ndaona akuyanika zovala. Sanandilonjere. Anati, "Mwabwera ndinu amayi, kapena agogo?"

Abale ndi alongo, m'chifuwa munatentha. Wina mwa ine anati, mwano umenewo, mukalipire. Wina anafuna kulira n'kuthawira kusiteji. Ndinaima. Ndinapuma. Ndinangoti chamumtima, Ambuye, ndigwireni lilime.

Kenako ndinati, "Masiku ano sindikudzidziwa bwino, mwana wanga. Koma amene wakulondola kuno ndi mayi ako. Mayeso aja unakhoza bwanji? Sindinamve."

Anayanika chitenje chonyowa chimene chinali m'manja. Kenako anandiuza, misozi ikutsika. Tsiku limenelo sanabwerere nane. Anabwera yekha sukulu itatsala pang'ono kutsegulira.

Lero Ndaona ali pasukulu, za banja zija zinatha. Ine ndinabwerera kusiteshoni. Bambo alipo, ukali wawo ulipo. Sabata yatha anakana mankhwala, akukalipa. Mwana wa mumtima uja anafuna kulira, sindikubisirani. Koma sindinagwade. Ndinati, "Ababa, mankhwala ndi awa, madzi ndi awa. Ine ndikukagulitsa." Pobwera ndinapeza amwa.

Sindinganene kuti zonse zatha. Masiku ena ndimazindikira mochedwa kuti walankhula si wamkulu uja, ndiye ndimapepesa. Sindikudziwanso kuti chinandithandiza ndi mapemphero anu kapena mawu a mlangizi. Abusa akuti Mulungu amagwiritsa ntchito zonse. Ine ndangovomera.

Ndikuthokoza Ambuye pondibwezera mwana wanga. Ndikuthokoza amayi amene munandisungira odwala. Pitirizani kundipempherera. Muwapemphererenso bambo anga. Masiku ano ndikamawasambitsa ndimawayang'ana, munthu wokalamba, wofooka, ndipo ndimakumbukira kuti nawonso anali mwana wa munthu. Mawu amene amandinyoza nawo aja, kaya anawamva kwa ndani.

Zikomo. Ambuye akudalitseni nonse.