Mabowo Anayi Amene Ndinatseka ndi Manja Anga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ndikuona ena mwabwera mutafunda mabulangete, ena mano akungogundana. Kwazizira, eti? Ndiye tsiku loyenera kuti ndiyankhule ndi lomweli.

Amene simundidziwa, ine ndine make Alinafe, wa kumalayini a kumtunda, kuseri kwa fakitale. Ndatchola tiyi pa esiteti pano kuyambira ndili mtsikana. Taonani zalazi, zinapindika kalekale. Amene mumandidziwa mukudziwanso kuti pakamwa panga sipachedwa. Lero mundipirire. Umboni wanga si wovinira ayi.

Kale ine ndinali katswiri wa makanda. Mayi akachira kumalayini kwathu, ankayamba kuitana ine asanaitane apongozi ake. Kusambitsa khanda, ine. Kuyang'anira mchombo, ine. Anga ndinabereka asanu, onse ndinkakachirira kwa amayi anga ku Khonjeni, m'nyumba ya udzu, moto uli pambali. Palibe ndi mmodzi yemwe anadwalapo chibayo. Ndiye ndinkadzimva, abale. Munthu sankandiuza kanthu pa nkhani ya mwana.

Alinafe ndi mwana wanga womaliza, mtsikana yekhayo. Amuna ake, a Fanuel, amagwira ntchito ku Limbe, ndiye mimba itakula anabwera kudzadikirira kwa ine. Anachira mu Juni, zaka zinayi zapitazo, pa kachipatala kathu kakang'ono kaja. Mwana wamwamuna, wonenepa, tsitsi lakuda bii.

Potitulutsa, anesi anatiuza ali chiimire, maso ali pa foni: "Kunja kukuzizira, mwanayu asazizidwe. Muzimufunditsa." Basi. Ndikubwereza, abale, basi! Za mbaula sananene. Za mpweya sananene. Ndipo si iwo okha. Zaka zonsezi ndakhala pansi pa mtengo kusikelo ya ana, kumvera a zaumoyo. Za kolera anatiuza. Za maneti anatiuza. Za kulera anatiuza mpaka makutu kuwawa. Koma Juni amabwera chaka ndi chaka ku Thyolo kuno, ndipo panalibe amene anatsegulapo pakamwa kunena kuti makala amapha.

Tinafika kunyumba chiperoni chitavuta. Masiku atatu dzuwa osalionako. Nkhungu kuphimba munda wonse wa tiyi, kamvula kowaza kosatha, zovala osauma. Alinafe analowa m'chikuta monga mwa mwambo wathu: mayi ndi khanda kukhala m'chipinda mpaka mchombo utagwa, anthu wamba osalowamo.

Nyumba za kumalayini mukuzidziwa. Khoma la simenti, malata, ndi mabowo anayi pamwamba pa khoma olowetsa mpweya. Mphepo inkalowera mmenemo ngati singano. Ndinati iyayi, mdzukulu wanga sangalowedwe mphepo paliwombo ine ndilipo. Ndinakwera pampando. Ndinang'amba thumba la feteleza, ndinatseka bowo loyamba. Lachiwiri. Lachitatu. Lachinayi ndinatseka ndi pulasitiki ija timamanga m'chiuno potchola tiyi. Kunsi kwa chitseko ndinayalako chisanza. Nditamaliza ndinadziyamikira ndekha. Ndi manja awa, abale.

Tsiku lachinayi m'mawa ndinayenera kupita kuntchito. Mukudziwa kuti mu Juni tiyi amachepa, ambiri amawaimitsa, ndipo ife otsala ukajomba kawiri kapitawo amangoika wina pamalo pako. Ndinakoleza mbaula panja. Ndinadikira mpaka utsi wonse utatha, makala atafiira psuu, chifukwa tonse timati choipa ndi utsi. Si choncho, amayi? Musawerame, timatero tonse. Ndinailowetsa, ndinaiika pafupi ndi mphasa.

Alinafe anati, "Amayi, kuyambira dzulo mutu ukundiwawa. Mutseguleko zenera pang'ono."

Ine ndinati, "Iwe, ukufuna kundiphera mwana? Mutuwo ndi magazi amene unataya. Gona."

Ukufuna kundiphera mwana. Mawu amenewo anatuluka pakamwa pano.

Potuluka ndinakoka chitseko mpaka chinalira. Ndinaima pakhomo pa aneba anga, make Dorofi, ndi kuwauza kuti, "Munthu asalowe m'nyumbamo. Ngakhale inuyo. Sindikufuna anthu otentha pafupi ndi khanda." Anandimvera. Aliyense ankandimvera ine.

Ndinabwerako nthawi ya nkhomaliro. Make Dorofi anandilandira akumwetulira. Anati, "Mdzukulu wanu ndi wofatsa. Analira pang'ono m'mawa, kenako zii."

Ndinatsegula chitseko. M'chipindamo munali mofunda bwino, mofunda mmene ndinkafunira. Alinafe anali chafufumimba pakati pa mphasa ndi chitseko, atasanza, dzanja atalitambasula. Ankakwawa kuti akatsegule, anthuni, mphamvu zinamuthera panjira. Ndinamugwedeza, osayankha. Ndinanyamula khanda. Linali lofunda. Koma silinkapuma.

Mayo ine! Ndinakuwa mpaka malayini onse anatuluka. Azibambo anamunyamula Alinafe m'bulangete, anayi, aliyense ngodya yake, kuthamanga m'matope mpaka ku kachipatala kaja. Ine ndinabereka khanda kumsana, ndinalifunditsa bwinobwino. Mtima wanga unkakana.

Tinapeza anesi omwe aja. Anayang'ana khanda, anapukusa mutu. Anamugwira Alinafe pakhosi, anati akupuma, koma akufunika mpweya wa m'botolo, ndipo pano palibe, mupite naye ku Boma. Ambulansi? Ilibe mafuta. Kenako ananditembenukira, pamaso pa anthu onse, n'kunena kuti, "Agogo, munthu wamkulu ngati inu, simudziwa kuti mbaula salowetsa m'nyumba yotseka?"

Abale! Ankadziwa! Tsiku lija potitulutsa ankadziwa, koma anasunga m'kamwa. Ndinafuna kuwafunsa kuti, ine ndikanadziwira kuti, sukulu yake iti?

Amene anatithandiza ndi a Sayidi, Msilamu wina amene amanyamula nthochi kupita nazo ku Limbe. Ndikuwatchula muno m'tchalitchi mopanda manyazi. Anaimitsa galimoto, anatsitsa mikoko ya nthochi m'mbali mwa msewu, n'kumugoneka mwana wanga kumbuyo. Sanafunse kuti timapemphera kuti.

Ku Boma anamuika pa mpweya. Adokotala a kumeneko ndi amene anandikhazika pansi ngati munthu. Anati makala ofiira, opanda utsi aja, amatulutsa mpweya woipa wosaoneka, wosanunkha. Umayamba ndi mutu, kenako kufooka, kenako tulo tosadzuka. Ndinati nanga bwanji ana anga onse ndinawalera ndi moto m'nyumba? Anati, "Amayi, nyumba ya udzu imapuma yokha. Ya simenti ndi malata imapumira m'mabowo aja." Mabowo amene ndinatseka ine.

Alinafe anatsitsimuka tsiku lachiwiri. Mawu ake oyamba anali akuti, "Mwana wanga ali kuti?" Tinali titaika kale. Mukudziwa khanda losatuluka m'chikuta mmene timaikira: azimayi okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo. Analibe ndi dzina lomwe.

Atatuluka m'chipatala, a Fanuel anabwera kudzamutenga. Sanandinyoze. Bola akanandinyoza! Alinafe anangondiyang'ana pokwera minibasi, n'kunena kuti, "Amayi, ndinakupemphani zenera lokha." Anapita. Foni osayankha. Khirisimasi osabwera. Ndinataya mdzukulu, ndinatayanso mwana wanga wamoyo.

Kumalayini nkhani inasintha. Akuti make Alinafe anadya mdzukulu wake, n'chifukwa chake analetsa anthu kulowa. Azimayi amene ndinawasambitsira ana ankabisa makanda awo ndikamadutsa. Muno m'tchalitchi ndikakhala pa benchi, anthu ankasunthira uko. Ena muli muno. Sinditchula maina. Ndinakukhululukirani, koma sindinaiwale.

Ndinasiya kubwera kuno. Ndinasiya kuotha moto. Ndinkangokhala m'nyumba yozizira ija, kuyang'ana mabowo anayi aja, kukangana ndi Mulungu. Ndinkati, Ambuye, ndinalakwa chiyani? Ndinaba? Ndinatukwana? Ine ndinangofunditsa mwana! Bwanji simunatenge ine, nkhalamba yopindika zala? Kumwamba kunali zii.

Yankho linabwera Juni wotsatira. Tsiku lina ndikuchokera kumunda, ndinadutsa kuseri kwa nyumba ya make Dorofi. Mpongozi wawo anali atangochira kumene. Nditakweza maso ndinaona kansonga ka thumba la feteleza katatulukira pabowo. Sindinaodire. Ndinakankha chitseko, ndinanyamula mbaula ndi manja osaphimba, ndinaiponya pabwalo. Chipsera chake ndi ichi. Ndinakwera pampando n'kuyamba kuzula masaka aja.

Make Dorofi anakuwa, "Mfiti iwe, wabweranso kudzadya wathu?"

Koma mtsikana uja, ali pamphasa, anati, "Asiyeni, amayi. Mutu ukundiwawa kuyambira m'mawa, ndipo miyendo ikukana."

Mwana wake uja lero akuthamanga panjapo ndi anzake. Aleluya! Tsiku limenelo ndinadziwa chifukwa chimene Mulungu anandisiyira moyo.

M'mawa mwake ndinapita kusikelo. Ndinapeza mlangizi wa zaumoyo watsopano, mayi wachitsikana. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, nkhani ya mbaula munene inu, apo ayi ndinena ine, ndipo ine ndikanena sindisankha mawu." Anandimvetsera mpaka kumapeto. Mwa a zaumoyo a kuno, uyo yekha ndimamuyamikira. Kuyambira pamenepo, chisanu chikamayandikira amandiimika patsogolo pa azimayi. Ndimawauza kuti mbaula ithere panja. Mwana mumufunditse ndi thupi lanu, pachifuwa, chipewa kumutu, bulangete pamwamba. Mabowo asiyeni. Ndipo wina akati mutu, tsegulani chitseko kaye, mafunso pambuyo.

Ndinadula nsungwi yaitali, kunsonga ndinamangako waya wopinda. Ndimayenda nayo kuseri kwa malayini, ndikaona chisanza pabowo ndimakoka. Ena amanditukwana. Ana amanditcha agogo a mabowo. Anditche! Musaganize kuti zonse zakonzeka. Ku kachipatala kuja mpweya wa m'botolo kulibebe, ndipo ambulansi nthawi zina imakhalabe chigonere. Zimandiwawa mpaka lero.

Zaka zinayi, abale, mwana wanga osandiyankhula. Ndinapulumutsa ana a eni, wanga ali duu ku Limbe.

Sabata yatha foni inalira. A Fanuel. Anati, "Amayi, Alinafe wachira, mwana wamkazi. Akuti mubwere."

Ndinakwera minibasi. Ku Limbe nakonso kunali chiperoni. Ndinaodira, ndinalowa. Alinafe anali pabedi, khanda lili pachifuwa, mkati mwa chitenje. M'chipindamo munalibe mbaula. Ndinaima pafupi ndi chitseko ngati mlendo, manja ndawabisa kumbuyo. Sindinayerekeze kuyandikira.

Alinafe anandiyang'ana. Kenako anati, "Amayi, mwaonda."

Ndinati, "Ndilipo, mwanawe. Ndikuchitire chiyani?"

Anati, "Tsegulani zenera. Mukatero mubwere mudzamunyamule."

Ndinatsegula, abale. Kanthu kakang'ono, kongokankha ndi chala chimodzi. Mphepo inandimenya kumaso, ndipo ndinalira misozi yonse imene anandiletsa kulira pa maliro opanda nyimbo aja. Kenako mwana wanga anaika mwana wake m'manja omwewa.

Ndikuthokoza Mulungu amene wandibwezera Alinafe. Ndikuthokoza chifukwa cha a Sayidi, ndi adokotala aja, ndi mlangizi uja. Ndikutcholabe tiyi, ndikukhalabe m'nyumba yomweyo, ndipo ndabwerera pa benchi yanga. Koma woyamba uja sadzabwera. Mwezi uno akanakwanitsa zaka zinayi, akanakhala panjapo akuthamanga ndi mdzukulu wa make Dorofi.

Nsungwi yanga ndaisiya pakhomo pa tchalitchi. Tikatuluka muno ndizungulira, ndipo ndiyambira nyumba ya abusa. Amene mukudziwa kuti mwatseka mabowo, thamangani mukatsegule nokha ndisanafike. Ameni.