Anaperekeza Anzawo Kwawo, Iwo Agona Kuno

Malemu Bambo Amadeu Ngozo anabadwa pa 9 Março 1961 ku Tsangano. Ine ndikuwerengane ndine mlamu wawo Afonso, ndipo ndikulankhula m'malo mwa banja.

Sukulu anaphunzira ya mishoni mpaka kalasi yachinayi. M'chaka cha 1986 anathawa nkhondo pamodzi ndi mayi awo, nakakhala kumsasa wa othawa kwawo ku Mwanza, m'dziko la Malawi. Mayiwo anamwalira komweko mu 1989. Malemu anawaika ndi manja awo, pamanda opanda mwala kapena dzina.

Mu 1993 anabwerera, nakhazikika kuno ku Tete, m'dera la bairro Josina Machel. Chaka chotsatira anakwatira mlongo wanga Gracinda, ndipo anayamba ntchito yoyendetsa galimoto za katundu panjira ya ku Zóbuè.

Mu 1998 anthu a ku Angónia, Tsangano ndi Malawi okhala mumzinda uno anayambitsa bungwe lothandizana pamaliro, malemu nakhala mlembi. Munthu akafa, malemuwa ndiwo ankadziwa ofesi yoyambira, chikalata chofunika pamalire, mfumu yoti iuzidwe, ngakhale njira yolowera kumudzi mvula ikagumula mlatho. Ambiri mwakhala panomu abale anu anakagona kwawo chifukwa cha bambo amenewa. Timati mutu umodzi susenza denga, koma bungwe lathuli linasenzetsa denga lonse mutu umodzi, nkumawomba m'manja.

Mayi Gracinda anatisiya mu 2016. Ana anali atapita kale kutali kukagwira ntchito, choncho malemu anatsala okha m'nyumba.

Mu 2022, ataona kuti maso ayamba kuchita chidima, anapempha bungwe kuti liwapatse anthu oti iwo awaphunzitse ntchito ya ulembi ija. Loweruka lililonse ankasesa pakhonde, kundandalika mipando, kukhala pansi nkumadikira. Dzuwa likapendeka ankalowetsa mipandoyo m'nyumba, popanda wobwera ndi mmodzi yemwe. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, wina malonda, wina kutentha, wina kuti a Ngozo akadali amphamvu, tidzapita mwezi wamawa. Ndinkawapeza ali okha pakhondepo, ndipo zinkandiwawa.

Anayamba kudwala mtima mu Agosto chaka chatha. Ali m'chipatala anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti akagone pambali pa mayi awo ku Mwanza. Anamwalira Lolemba lapitali m'mawa.

Abale anzanga, tayesetsa. A bungwe azungulira maofesi, koma sanadziwe khomo loyambira. Mwana wawo Leonildo anafika mpaka pomwe panali msasa paja, nakapeza minda ya nandolo. Wodziwa pomwe pali manda a mayi aja anali mmodzi yekha, ndiye amene wagona m'bokosimu. Nchifukwa chake tikuwaika kuno ku Tete.

Malemu asiya ana awiri, Leonildo wa ku Beira ndi Edite wa ku Nampula, adzukulu anayi, ndi bungwe lomwe lero silikudziwa kuti pa maliro otsatira lidzagogoda pakhomo pa yani.

Tikuthokoza Mayi Isménia, oyandikana nawo nyumba, amene ankawatungira madzi pamene ankadwala. Tikuthokozanso ampingo, madokotala, ndi inu nonse a bungwe. Lero mwabwera ochuluka, moti mipando yawo ija yachepa.

A Ngozo, njira yanu yatisokonekera. Mzimu wanu uuse mumtendere, ngakhale kuno si komwe munapempha kugona.