Ndinatseka Chitseko

Pamzere wa kuchipatala, bambo wina wa chipewa ankasimbira mayi amene anali patsogolo pake za filimu ya apolisi ya pa TV. Mayiyo anamvetsera mpaka anatopa nazo.

"Tsitsi limodzi lokha, mayi! Akangoliika pamakina, nkhope ya wakuphayo imatulukira pompo."

"Inenso ndinkaonera zimenezo, bambo. Mchimwene wanga atabayidwa ndi mpeni n'kufera m'chipinda mwake, ndinatseka chitseko n'kuima pakhomo ngati mlonda. Sindinalole munthu kulowa, kuopa kuti angafufute zidindo za zala."

"Munaganiza bwino zedi. Ndiye apolisi anapeza chiyani?"

"Anafika dzuwa litapendeka, ntchentche zitayamba kale ntchito. Wina anatola mpeniwo ndi manjamanja, n'kupatsira mnzake kuti nayenso auone. Kenako anandipempha nyuzipepala yokulungira."

"Koma magazi anatengako, eti? Akakawayeza basi, wagwidwa."

"Magaziwo ndinakolopa ndine."

"Ndiye wakuphayo?"

"Akuyenda, akudya, akunenepa. Wolangidwa ndine. Mayi anga sandilankhula mpaka lero. Anafika mwana wawo akadali wofunda, anandigwadira pakhomo paja, ine n'kuwakaniza kukamutseka maso."