Jombo za a Fredrick Mumba Zafika Pamanda

Abale, a mpingo, ndi inu ambuya athu a Chibemba, amene timasekana nanu pamalilo mwa mwambo wa chimbuya, amene mwatipaka ufa kumaso kuyambila Lachitatu, khalani chete pang'ono. Amene agona m'bokosimu ndi bambo Fredrick Mumba, obadwa mu 1971 ku Mwape, m'boma la Nyimba. Ine ndine Immaculate, azakhali awo, mlongo wa atate awo. Ndinawabeleka kumsana, anandinyowetsa zitenje zosawelengeka, koma lelo ndiwapatsa ulemu wonse chifukwa atitsogolela. A pabanja anafuna kuti mbili iyi ilembedwe ndi aphunzitsi. Ndinakana. Aphunzitsi ali ndi manyazi, ine anga anatha kale pamodzi ndi mano.

Malemu anaphunzila konkuno ku Mwape mpaka giledi seveni. Mutu unalipo, koma maso anali pansi nthawi zonse. Ukawatuma madzi, unali kuwapeza atagwada panjila, ati azakhali, pano padutsa nguluwe yotsimphina. Madzi osabwela.

Mu 1996 anakwatila amai Emeldah a ku Kaumbwe, ku Petauke. Anakhala chikamwini kumeneko, kulimila apongozi thonje ndi nshawa, mpaka apongoziwo anatopa ndi nkhani za nyama nawalola kutenga mkazi kubwela naye kuno.

Mu 1999 analowa nchito pa kampu ya safali m'chigwa cha Luangwa. Nchito yawo inali kulondola mapazi a nyama, kutsogolela alenje ochokela kunja. Mu 2008 njati yovulala inawaponda phazi lamanzele. Linapola, koma linatambalala monga chikho, ndipo chala chachikulu chinaloza kumbali ngati chifuna kubwelela chokha kumudzi. Kuchokela apo panalibe nsapato ya m'sitolo imene inawakwana. Akagula, anali kuiboola ndi mpeni kuti chalacho chipume.

Mu 2017 mzungu wina mlenje, amene anayenda nawo kawilikawili, anawaimika pa katoni, najambula mapazi onse awili ndi bolopeni, napita nayo katoniyo kwawo. Patapita miyezi kunabwela jombo. Inu anthu, zinali jombo! Chikopa chokhuthala, madzi osalowa, minga inali kuthyoka yokha ikaziona. Yamanzele anaiumba yotambalala, ndi kachipinda kake ka chala chija. Opanga analonjeza galanti, kuti soli ikadzamatuka mubweze, tidzakonza kapena kutumiza zina. Jombo zija zinaponda matope a m'chigwa, miyala yotentha ya Okutobala, zinaoloka mitsinje, zaka zisanu ndi chimodzi osadandaula. Amai Emeldah ali apa angachitile umboni kuti m'nyumba mwawo mafuta anali kuyamba kudzola ndi jombo, iwo pambuyo.

Malemu anali Mkatolika, oimba ng'oma mu kwaya. Sanajombepo Misa akakhala pamudzi. Ngakhale wakhungu anali kudziwa kuti a Mumba apita kukalandila, chifukwa cha gu, gu, gu pa simenti.

Mu 2023 soli yakumanja inayasama. Apa mumvetsetse. Kuno kwathu, chinthu chimene unapatsidwa mwaulemu suchibweza chili chong'ambika ndi matope. Tsono malemu anapita nazo kwa a Eddie osoka nsapato pa Kacholola, anazisoketsa bwinobwino ndi ulusi wa m'tayala, anazitsuka, anazipolisha, ndipo mkati anadzazamo nshawa zosenda kuti opangawo akalaweko. Ndiye anazipeleka kwa kalaliki wa pakampu, amene katundu yense wopita ndi wobwela adutsa m'manja mwake, a Godwin Sampa, mmodzi wa ambuya athu a Chibemba. Ndi awo aimilila pansi pa mtengowo, a jekete yabuluu.

Patapita miyezi a Sampa anati, "Akana, mudala. Ati munasoketsa kwa amisili a pamseu, galanti yafa. Zakale zija azitaya." Sanalekele pomwepo. Nkhaniyo anakaisimba pamsika pa Nyimba, anaisimba m'mabala, za munthu wa kumudzi amene anatumizila azungu nshawa m'nsapato. Anthu anayamba kuitana malemu kuti a Galanti. Ena mwa inu muli pompano, ndakuonani, musayang'ane pansi. Malemu anabwela kwanga, anakhala pakhonde, ati, "Azakhali, ndaononga mphatso ya eni ndi umbuli wanga." Munthu amene anaima pamaso pa njati, misozi m'maso chifukwa cha manyazi. Malemu sanamuimbilenso foni mzungu uja, ati ndimuuza chiyani.

Anabwelela kuthengo atavala nkhwaila za matayala. Chaka chino, mwezi wa Meyi, chisonga chinaboola nkhwaila ndi kulowa m'phazi lomwe lija lamanzele. Anali ndi matenda a shuga, chilonda chinakana kupola. Kuchipatala anamwino anayesetsa, tiwathokoza, koma magazi anali ataonongeka. Anatisiya Lachiwili, akali kukhulupilila kuti cholakwa chinali chawo.

Ndidziwa kuti pofika apa akatekisiti ayamba kutsokomola kuti ndimalize. Tsokomolani, bambo, ndatsala pang'ono.

Lachitatu a Sampa anafika pamalilo ndi mbale ya ufa, kupaka aliyense, kutiseka kuti odya mbewa lilani bwino. Ndi mwambo, ambuya amatelo, ifenso timawachita chimodzimodzi kwawo. Polowa m'nyumba kukapepesa amai Emeldah, anavula nsapato pakhomo. Ine ndinali pakhonde pomwepo. Ndiyang'ana, jombo zatsopano. Ndiyang'ananso, yamanzele yotambalala, ndi kachipinda ka chala. Ndinapisamo dzanja: thonje, lodzaza, lotsekela malo amene phazi la a Sampa silifika. Ba Sampa, ndinene monga kwanu, kodi inunso njati inakupondani liti?

Ndinaitana Tisunge, mwana woyamba wa malemu, kuti afufuze nambala ya mzungu uja mu foni ya atate ake. Mzunguyo analila atamva za imfa. Anati opanga jombo sanakane chilichonse. Anaona kuti guluu wawo ndiye anatha mphamvu, anayamikila ndi kasokedwe ka a Eddie, ndipo anaumba zina pa katoni yomwe ija. Zinafika pakampu chaka chatha, ndipo kalaliki anayankha kuti mwini wake walandila, wakondwa kwambili. Za nshawa ati sanazione. Tsono ndi nshawa zomwe munadya, a Sampa.

Tisunge anafuna kupita ku polisi. Ndinati iyayi mwanangu, awa ndi ambuya athu, mbuya satengeledwa ku khoti. Iwo atipaka ufa, ifenso tiwapake kanthu. Ndinavala mapepala a pulasitiki m'manja, ndinatsikila kumtsinje, ndi msana wangawu, kukathyola chitedze chokhwima bwino. Pepala ili ndinalemba dzulo, koma zonse ndinakonzelatu: lelo m'mawa, a Sampa akavulanso kuti alowe kukaona nkhope, ndichotse thonje, ndiikemo changa, uku ndi uku. Ngati ndawelenga mpaka pano, ndiye kuti zinatheka. Ndipo ngati chitedze cha ku Mwape chikali ndi mphamvu yake, tembenukani nonse muone. Awo sapondaponda chifukwa cha chisoni. Awo si magule a kwawo.

A Sampa, musalimbe mtima, sichileka chimenecho, chimakwela. Vulani. Okumba manda ndawauza kale kuti bokosi silikhomedwa ndipo silitsika mpaka mwini jombo atavala jombo zake. Dzuwa ili ife tilizolowela, tidikila. Mukavula, anyamata azikung'unthe ndi kuzipukuta bwino, chifukwa malemu ayabwidwa mokwana pa dziko lino. Musaope kuti mubwelela ku mseu chopanda nsapato, ine sindine munthu woipa. Ndabwela ndi nkhwaila za malemu, zili mu thumba ili. Yamanzele ili ndi chiboo pamene panalowa chisonga. Ndikubwelekani. Muyende nazo mpaka ku Nyimba, mukadutse pamsika pomwe paja, ndipo akakufunsani musimbe bwino, pakuti kusimba mumadziwa.

Kwa a Bemba ena nonse amene mwatiphikila ndi kutitungila madzi masiku onsewa, zikomo, mlandu uwu si wanu, anyani anu kadyeni mwamtendele. Kwa inu amene munali kuitana malemu kuti a Galanti, dzina limenelo silowa m'manda muno. Latsala kunja, ndipo mwini wake watsopano mwamuona. A Fredrick Mumba sanaononge mphatso ya munthu. Anaisoka, anaitsuka, anaibweza ndi nshawa, monga tinawalelela.

Malemu asiya mkazi wawo amai Emeldah, ana anayi, Tisunge, Peter, Rita ndi Tamandani, adzukulu atatu, alongo awili, ndi azakhali mmodzi, amene manja akali kumuyabwa koma sadandaula.

Fredrick mwanangu, ndilole ndikuitane chomwechi komaliza: zija unadikila zafika. Ulendo uwu apite atavala, ndipo apumule mu mtendele.