Thadzi la Azakhali Lakhalira Makina

— Halo? Rodrick?

— Ee, azakhali a Esinati! Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya iwe mwana wa achimwene?

— Ndaswera ndithu. Nanga amalume a Silvesta?

— Alipo. Tonse tili pakhonde pano, tikupeta mpunga wa ku Bwanje. Msuweni wako Doreen akuti moni.

— Zikomo. Azakhali, ndili pantchito, mwina...

— Yobowola thanthwe ija? Ikuyenda?

— Yaima. Timabowola pansi pa thanthwe kuti paipi ya madzi ikatulukire kusukulu, koma mutu wa makina wasochera m'katimo. Akapitawo akuti ndikapanda kuupeza, ntchito yandithera.

— Pepa. Mutuwo ndi wamanomano ngati chinanazi?

— Mwaudziwa bwanji?

— Uli m'khitchini mwanga.

— Azakhali!

— Wangotumphuka pansi pafupi ndi mafuwa, ngakhale odi.

— Ndiye osanena poyamba? Ndikubwera, tiukoke pompano.

— Ayi, usavutike. Thadzi lakuda lija likufungatira pomwepo. Chitsulocho chinatuluka chofunda, ndiye lakokerapo mazira onse.

— Lisuntheni pang'ono!

— Unakulira kuti iwe? Thadzi lofungatira ukalisuntha limanyanyala, mazira n'kusukuluka.

— Makina amenewa anachita kubwera pa sitima, azakhali.

— Ndiye kudikira anazolowera.

— Akapitawo ndiwauza chiyani?

— Uwauze kuti anapiye ayamba kugogoda, ndawamva ndekha. Makinawo musalize. Amalume ako akhala pakhomo la khitchini ndi mpini, ndipo akuti... halo? Netiweki iyi!

— Halo? Azakhali?

— Halo, Rodrick? Wadzuka bwanji?

— Sindinagone. Akapitawo ali pambali panga pano.

— Uwapatse moni. Kwawo kuli bwanji?

— Azakhali, chonde, nkhuku ija!

— Yaswa m'mawa uno. Onse amoyo, wina akuyenda pamwamba pa chitsulo chanu. Bwerani mutenge.

— Ambuye adalitsike! Bowolo tikwirira bwinobwino, musadandaule.

— Mukwirire chiyani? Paipi idzere momwemo. Mpopi ukhale pafupi ndi mafuwa.

— Madziwo ndi a sukulu!

— Ana azidzatunga kuno, sindimana. Uwauze akapitawo asachedwe, thadzi loyera nalo layamba kuzungulira pomwepo.

— Ligwireni! Azakhali, ligwireni!

— Doreen, taona, lakhala kale? Rodrick, mayunitsi andithe...