Tsamba Limene Analembapo Kuti "Alibe M'bale"

Olemekezeka a Woweruza milandu ya ana, olemekezeka a Mkulu wa ofesi yoona za mabanja, a Wapampando wa komiti ya nyumba ino ya ana amasiye, Mayi Metroni amene munapuma ntchito koma lero akupatsani mpando wakutsogolo, makolo olera, ndi inu ana amene akuimikani padzuwa kuyambira m'mawa, ndakupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza komiti pondiitana, ine telala wamba amene ndinakulira mom'muno, kuti ndidzatsegule chipinda chosungiramo mabuku a mbiri ya ana. Munandipempha kuti ndinene mawu achimwemwe. Pepani, ndawafunafuna, sindinawapeze.

Pokonzekera lero, munandilola kuwerenga mabuku akalewo. Zaka zoyambirira, odzatenga ana anali azakhali ndi amalume, ndipo ankatenga mwana pamodzi ndi abale ake, chifukwa magazi sagawidwa ngati nsalu. Kenako kunabwera zaka za alendo ochokera kutali, amakamera pakhosi, ofuna makanda okhaokha, ndipo masamba ankadzaza msanga. Alendowo atachepa, kwabwera mabanja a m'tauni, ena olera kwa kanthawi, ena otengeratu. Zonsezi zasintha, ndipo a Mkulu aziwerenga bwino, mwawaombera m'manja. Koma chimodzi sichinasinthe: mwana akangopitirira zaka zisanu, dzina lake limakalambira m'buku.

Ine ndinafika muno ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nditabereka mng'ono wanga wa chaka chimodzi. Ndinkamutcha Kanyerere. Tsiku la alendo, ang'onoang'ono ankawadzoza mafuta n'kuwakhazika pakhonde, ife akuluakulu n'kutitumiza kuseri kukatsuka mbale. Tsiku lina ndikubwera ndi manja a thovu, ndinapeza bedi lake lilibe bulangete.

"Mayi, Kanyerere ali kuti?"

"Iwe, usatisokose. Mnzako wachita mwayi. Kamalize mbale."

Mnzanga! Mayi Metroni, mukukumbukira? Musayang'ane pansi, nsapato zanu zili bwinobwino.

Sabata yatha ndinalipeza tsamba lake. Pamene pafunsidwa za abale, munalemba ndi dzanja lanu lokongola lija kuti "alibe m'bale." Ndamva kuti kanali kachitidwe ka masiku amenewo: mwana wopanda m'bale ankapita msanga, pakuti olera ankaopa kukakamizidwa kutenga awiri. Pamene pafunsidwa kumene wapita, munangojambula kamzere. Tsamba langa lili kuseri kwa lakelo, pepala lomwelo. Omutengawo akanangotembenuza, akanandiona.

Ena mukunong'onezana kuti zakale zisiye. Akunena zimenezi ndi anthu amene madzulo ano akadya ndi azing'ono awo. Makolo olera, inu sindikukudani. Mwina amene anamutenga anamukonda, mwinanso akanadziwa akananditenga ndi ine. Sanauzidwe, basi.

Chipinda chino ndachikondera chinthu chimodzi. A Woweruza alamula kuti kuyambira lero ana a mimba imodzi azilembedwa patsamba limodzi, ndipo aliyense wofuna mwana aziona tsamba lonse asanasankhe. Inu asungwana aatali muli kumbuyoko, sunthirani kutsogolo kuno. Mbale zidikire.

Kanyerere chaka chino akukwanitsa zaka makumi awiri, ndipo kulikonse kumene ali, akudziwa kuti ali yekha padziko. Pepala silikudziwa kumene anapita. Munthu mmodzi yekha pabwalo pano anaona nkhope za anthu amene anamunyamula, anamva dzina lawo, n'kuwaperekeza mpaka pageti.

Choncho, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda chosungiramo mabuku a mbiri ya ana chatsegulidwa. Woyamba kulowa ndine. Wachiwiri ndinu, Mayi Metroni. Musathamangire galimoto, kalaliki wakonza kale mipando iwiri ndi cholembera. Kamzere kaja mukakafufute nokha.

Zikomo kwambiri.